Foni Inafuna Ndinene Ndekha

Bambo ake a Damaris anasiya kupuma m'mwezi wa Malichi, mpunga usanatulutse ngala. Namwino anabwera pa njinga yamoto n'kuwabaya mankhwala oti thupi lisawonongeke. Ife tinawaveka malaya awo a kutchalitchi n'kuwagoneka m'chipinda chathu, mutu kuloza kumadzulo. Kuyambira tsiku limenelo anali odwala. Kuno kwathu kumapiri a Toraja munthu safa tsiku limene wasiya kupuma. Amadwala, amakhala nafe m'nyumba, amamva zonse, mpaka abale asonkhane, njati yoweta yoyamba iphedwe pabwalo, wodwalayo timutembenuze kuti mutu uloze kummwera. Pamenepo ndiye wamwalira, ndipo pamenepo ndiye timalira. Anthu a mumzinda wa Makassar amatiseka. Aziseka, iwo amene amakwirira mayi awo tiyi asanazizire m'kapu.

Choncho ine Ludia ndinali mkazi wapabanja monga kale. M'mawa uliwonse ndinkapanga makapu awiri a khofi, wanga wa shuga, wawo wopanda shuga, wakuda bii, woti munthu wina sangamwe. Ndinkawaikira pambali pa mphasa pamodzi ndi ndudu imodzi, kenako n'kuyamba kuwakalipira monga masiku onse.

"Dzukani inu, dzuwa lakwera. Nkhumba yanu ija yathyolanso khola. Mwamva? Inu kugona ngati bwana, ntchito zonse Ludia."

Sankayankha, koma kunena zoona ngakhale kale sankayankha. Ukwati wathu wonse wolankhula ndinali ine, iwo kwawo kunali kugwedeza mutu ndi kutulutsa utsi. Kusiyana kwake kunali kochepa moti masiku ambiri sindinkakuona n'komwe.

Chimene chinkandidya mtima chinali Lewi, mwana wathu wotsiriza. Anali pa sitima yopha nsomba ya anthu a ku Taiwan, kunyanja zakutali kumene foni imagwira pokhapokha sitima ikakocheza padoko. Anachoka pakhomo moipa. Bambo ake ankafuna kuti akhale azisamala munda wa khofi, iye ankati safuna kukalamba ndi matope m'zikhadabo. Tsiku lonyamuka anayankhizana pansi pa nkhokwe, onse awiri mitu youma gwa. Bambo ake anati, "Pita, koma usadzabwere kuno kudzandipatsa moni." Lewi anati, "Musadandaule, sindidzabwera." Mwana uja anasiya mlomo m'malo mosiya phazi. Zaka zinapita akuimbira ine ndekha, osatchula bambo ake ngakhale mwangozi.

Koma m'sabata yomaliza ija, mpweya ukuwavuta, bambo ake anandikoka mkono. "Mwana uja abwere," anatero. "Ndimudikira."

Ndiye anali kumudikira. Ntchito ya kudwala kwathuku ndi imeneyi, kuti amene ali kutali afike, anene zimene sananene, wodwalayo amve asananyamuke. Koma nthawi inali yoyezeka. Abale anali atagwirizana kale kuti mwambo uchitike tikangomaliza kukolola, amuna anali atayamba kudula nsungwi zomangira misasa ya alendo, ndipo achibale ogwira ntchito kutali ku Papua anali atapempha kale tchuthi. Tsiku silikanasunthidwa chifukwa cha mwana mmodzi wamwano.

Sitima itakocheza, Lewi anaimba. Mlongo wake Damaris anali atamulembera kale kuti bambo akudwala, ndipo mwana wobadwira kuno safunsa kuti akudwala chiyani.

"Mama, bwana wakana," anatero. "Akuti kudwala kwa kholo si chifukwa chosiyira ntchito. Akuti aliyense pa sitima pano ali ndi bambo wodwala."

"Unamuuza kuti akudwala chikwathu?"

"Ndinayesa. Anandiyang'ana ngati ndaledzera. Akuti ngati nkhani ndi imeneyo ndimuonetse chikalata cha boma, chokhala ndi kachizindikiro koti aunike ndi foni yake. Akachiona andilola nditsike padoko lotsatira. Apo ayi mpaka chaka chamawa."

"Chikalata basi? Chimenecho ndikakutengera. Uzidya iwe, waonda ngati ndodo."

Kenako anati, "Mama, amanditchula?"

"Udzawafunse wekha. Ine si wamthenga wanu."

Ndinamuyankha mwaukali chifukwa ndikanayankha mofatsa ndikanalira, ndipo m'nyumba ya wodwala salira.

Za chikalatacho sindinade nazo nkhawa, pakuti njira yake ndinkaidziwa. Amayi anga atadwala zaka zapitazo ndinapita ku ofesi ya boma kutauni. Pawindo pankakhala a Duma, munthu wa kwathu konkuno, waulesi, wokonda kupita kukadya nthawi ya ntchito, koma wodziwa kulankhula ndi anthu. Ankafunsa motsitsa mawu kuti, "Anayamba kudwala liti mayiwa?" Iwe n'kutchula tsiku. Iwo n'kulemba zimene boma limafuna, n'kupinda pepalalo, n'kukupatsa litatsekedwa mu envelopu. Boma linkapeza mawu ake, iwe osawanena.

Ndinavala nsalu yanga yabwino n'kukwera minibasi. Nditafika ndinapeza windo lija atatseka ndi chipepala chachikulu chojambulidwa banja losekerera likuyang'ana pa foni. Mabenchi tinkakhala aja atachotsa, pamalo pake ataika maluwa. Mtsikana wina wa yunifolomu anandilandira mwaulemu ndithu.

"Amayi, zonse tsopano n'zapafoni. Simuvutikanso ndi mizere."

"A Duma ali kuti?"

"Anapuma ntchito."

"Ndiye lemba iweyo. Ndikuuza tsiku limene amuna anga anayamba kudwala."

Anandimvetsa, ndinaona m'maso mwake, nayenso anali mwana wa m'mapiri momwemu. "Pepani amayi," anatero. "Ine ndilibe polemba. Ngakhale nditafuna."

Sindinganame, zinthu zapafonizi zinatithandiza. Damaris anatenga chikalata cha kubadwa kwa mwana wake atakhala pampando akuyamwitsa, pamene ine cha Lewi ndinachiyendera mpaka nsapato kutha, lero a Duma apita kumaliro, mawa chidindo chatsekeredwa m'kabati. Koma tsiku limenelo ndikanapereka nkhumba kuti ndipeze waulesi uja pawindo.

Loweruka Damaris anabwera kuchokera kutauni ya Rantepao kumene amaphunzitsa. Tinakhala pakhonde, iye ndi foni, ine ndi lichero la nyemba. Pomwepo panalinso alamu anga a Liku, achemwali a amuna anga, amene anabwera kudzationa sabata yoyamba ija n'kuiwala njira yobwerera kwawo. Damaris anajambula chitupa cha bambo ake, kalata ya namwino, ndi chitupa changa. Zonse zinalowa bwinobwino. Kenako nkhope yake inasintha.

"Mama, apa pakufunika inu."

"Dina iweyo, zala zako n'zimene zinapita kusukulu."

"Sizitheka. Akufuna munthu amene ali pa khadi limodzi la banja ndi bambo. Ine ndinasamukira pa khadi la amuna anga. Lewi ali kunja, kumeneko sizitseguka. Mwatsala inu."

"Ndiye ndidine pati?"

"Si kudina. Muyang'ane mu foni, muphethire, kenako muwerenge mokweza mawu amene atulukewo. Akuti anthu ena ankalembetsa abale awo amoyo kuti awalande minda, ndiye tsopano amafuna nkhope ndi mawu a mwini wake."

Anandilozetsa foni ija. Nkhope yanga inalowa m'kabwalo, yamakwinya kuposa mmene ndinkaidziwira. Ndinaphethira, ndinatembenukira uku ndi uku ngati nkhuku yoona kabawi. Kenako mawu anatuluka, dzina langa, dzina lawo, tsiku lija la mu Malichi, ndipo pakati pake liwu limene sititchula m'nyumba ya wodwala.

"Ine Ludia ndikuchitira umboni kuti amuna anga a Yunus Pasang akudwala kuyambira..."

Kabwalo kaja kanafiira.

"Mama, muwerenge zimene zalembedwazo."

"Ine Ludia ndikuchitira umboni kuti amuna anga a Yunus Pasang akupumula..."

Kanafiiranso. A Liku anaika pansi kapu yawo.

"Mlamu, chikufuna unene chiyani chinthucho?" Damaris atawanong'oneza, anaimirira ngati alumidwa ndi linthumbu. "Pakhonde pano? Mlongo wanga ali kuseri kwa khoma ili akumva? Ukufuna kumuthamangitsa njati yoti akwere paulendo isanagwe, anyamuke wapansi ngati wosauka, mwana asanafike n'komwe?"

"Azakhali, ndi mawu chabe a boma," anatero Damaris.

"Mawu chabe! Iwe kutchalitchi unanena kuti inde, mawu chabe, lero uli ndi ana awiri."

Ndinabweza foni ija n'kupitiriza kusankha nyemba. Koma zabwino ndinkataya, zofumbwa n'kusunga.

Masiku anapita. Damaris ankaimba m'mawa ndi madzulo. "Mama, sitima ikocheza sabata yamawa. Ikachoka pamenepo ndiye basi." Ine ndinkati aziphunzitsa ana a eni, asandiphunzitse ine. Koma ndikalowa m'chipinda ndi khofi ndinkawatembenukira eni ake a mlandu.

"Nditani inu? Ndikanena, ndakuthamangitsani. Ndikapanda kunena, mwana sabwera, inu muzingodikira mpaka njati igwe. Zonsezi munaziyamba ndinu ndi pakamwa panu. Zaka zonsezi munthu wosalankhula, tsiku limodzi limene munatsegula pakamwa n'kupirikitsa mwana. Yankhanitu!"

Anakhala chete monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinatenga chete ameneyo monga ndinkachitira masiku onse, kuti akuti chita zimene waganiza, Ludia, pajatu sumva za munthu.

Nzeru inandibwerera ndikudyetsa nkhumba. Mlandu unali woti asamve. Ndiye ndikakanenera kutali? Wodwala amamva za m'nyumba ndi za pabwalo, koma sangamve za kuseri kwa phiri. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Ndinaitanitsa Damaris, a Liku tinawauza kuti tikukathyola masamba a chinangwa, ndipo ndisanatuluke ndinasuzumira m'chipinda.

"Ndikupita kumunda. Musatsegulire akazi ena."

Tinakwera mpaka pamwamba pa munda wa khofi, pamwala pamene foni imagwira bwino. Dzuwa linali pamutu. Mitengo inali isanaduliridwe chaka chimenecho, udzu utafika m'mawondo, chipewa chawo chakale chikadali pachitsa pamene anachisiya. Damaris ananyamula foni ndi manja awiri, nkhope atayang'ana kumbali.

Ndinaphethira. Ndinatembenuka uku ndi uku. Ndinawerenga mawu onse, liwu lija ndinalinena chamumtima, milomo yokha kugwedera.

Foni inalemba kuti sinamve bwino, ndibwereze mokweza.

Ndinayambanso. Nditafika pa dzina lawo mawu anandithawa, ndinagwira pakamwa ndi nsalu. Foni inalemba kuti nkhope sikuoneka, ndichotse chimene chikutchinga.

Apo ndiye mtima unandipsa. Ndinalanda foni ija m'manja mwa Damaris n'kuiyang'ana m'maso mmene ndimayang'anira wogula khofi wa sikelo yakuba.

"Ukufuna umve? Imva! Ine Ludia ndikuchitira umboni kuti amuna anga a Yunus Pasang anamwalira! Anamwalira pa tsiku lachisanu ndi chinayi la mwezi wa Malichi, kunyumba kwawo, ine ndili pomwepo!"

Kabwalo kaja kanabiriwira. Foni inatithokoza, kenako inatulutsa tinyenyezi tisanu n'kufunsa kuti takhutira motani ndi chithandizo. Damaris anandilanda foniyo msanga, misozi ili chuchuchu.

Tisanafike ndi pamtsinje pomwe foni inalira, chikalata chafika. Chimene kale chinkatha nsapato chinabwera tisanatsike phiri. Damaris anachitumiza kwa mlongo wake pomwepo. Foni inaliranso, iye n'kuibisa m'thumba.

"N'chiyaninso?"

"Palibe, Mama."

"Ndionetse, ndinakubala ndine."

Linali khadi latsopano la banja, limene sitinapemphe n'komwe. Pamwamba, pamene pankakhala dzina lawo kuyambira tili achinyamata, panali dzina langa, mutu wa banja, mkazi wamasiye. Pansi pake Lewi. Mizere iwiri basi, kwinako mbee.

Ndinafika kunyumba ndikudziuza kuti sanamve, anali kutali, zatheka. Ndinasamba m'manja n'kulowa m'chipinda kuti ndiwauze za udzu wa kumunda, ndiwanyoze pang'ono za chipewa chawo. Ndinatsegula pakamwa. Ndipo ndinaona zimene maso anga ankakana kuona miyezi yonseyi. Khungu louma lakuda, masaya olowa, malaya a kutchalitchi atakula pathupi. Fungo la mankhwala a namwino. Khofi wa m'mawa atazizira, ntchentche itafera m'kati, ndudu ili pomwe ndinaiika. Pamphasapo sipanagone munthu waulesi woti n'kumukalipira.

Ndinasamala kwambiri kuti iwo asamve. Ndinaiwala kuti nanenso ndili ndi makutu.

Ndinatuluka chothamanga mpaka kuseri kwa khola la nkhumba, n'kuluma nsalu kuti kulira kusamveke. Amuna anga anali atamwalira, ndipo m'mudzi monse ndinkadziwa ndine ndekha. Mtima unasweka tsiku limenelo, wopanda wondigwira paphewa, wopanda nyimbo, wopanda njati, nkhumba zokha zikundiyang'ana kudikira gaga.

Khofi ndinapitiriza kupanga, pakuti a Liku anali ndi maso. Ndinkalowa, kuika kapu, kutuluka. Ndinayesa kangapo kunena ngakhale kuti mwadzuka bwanji, koma lilime linkakana. Usiku ndinayamba kugona kukhitchini, n'kunamizira msana kuti ukufuna moto.

"Mlamu, m'nyumba muno mwazizira bwanji?" anafunsa a Liku tsiku lina. "Sindikumvanso ukumulalatira mlongo wanga. Mwayambana?"

"Tayambana."

"Mupepesane msanga, masiku atha. Mwamuna sasungirwa mkwiyo paulendo."

Lewi anafika mpunga uli kale m'nkhokwe, misasa ya alendo itazungulira bwalo, njati zitamangidwa kumunsi kwa mudzi. Anatsika pa njinga yamoto masana, wakuda ndi dzuwa la kunyanja, manja atachita zipsera za zingwe. Anandikumbatira mwachangu, maso ali kuchitseko. Anavula nsapato, anatulutsa paketi ya ndudu m'chikwama, n'kulowa chogwada. Ine ndinaima pakhomo.

"Bambo, ndabwera. Ndine Lewi, wamutu wouma uja." Anaika paketi ija pambali pa mphasa. "Munati ndisadzabwere kudzakupatsani moni, ndiye moni sindikupatsani. Ndangobweretsa fodya. Wa kunja uyu, wopanda fungo, mumunyoza ndikudziwa."

Anakhala pansi n'kupinda miyendo, ndipo analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Anawauza za nsomba zazikulu kuposa njati, za mkuntho umene unamuchititsa kupemphera m'chilankhulo cha kwathu, za mnzake amene anagwera m'madzi osapezekanso. Anati munda wa khofi ankaulota. Anaseka, anadikira ngati akumvetsera yankho, anasekanso. Kenako anatsitsa mawu, anaika chipumi pamapazi awo, ndipo zimene ananena pamenepo si zanga, sindingazibwereze.

Atatuluka nkhope yake inali ya mwana wamng'ono amene wangosamba. Anakhala pafupi nane pamasitepe.

"Mama, andikhululukira. Ndamva mumtimamu."

"Chikalata chija unachiwerenga?"

"Ayi. Damaris anati ndisatsegule. Ndinangochipititsa kwa bwana, ine kuyang'ana kumbali." Anandigwira dzanja. "Munachipeza bwanji msanga chonchi? Kale zija zinkatenga mwezi."

"Masiku ano n'zapafoni," ndinatero. "Sizivuta."

Ndinakondwa, Mulungu ndi mboni, ndinakondwa kuti mwana wanga anapeza bambo ake akumudikira. Koma ndinamuchitiranso nsanje, nsanje yeniyeni yowawa, mwana wobala ndekha. Iye anali ndi masiku oti akhale nawo, awaseke, awauze zakukhosi. Ine masiku angawo ndinali nditawasiya pamwala paja.

M'mawa mwake ndinadzuka kukhitchini, ndinakoleza moto, ndinapanga khofi maganizo ali kwina. Nditafika pakhomo la chipinda ndinapeza Lewi ali kale m'katimo, atawayatsira ndudu, akuwafotokozera mmene adzadulirire mitengo ya kumunda. Anayang'ana thireyi n'kuseka.

"Mama, mwakalambadi. Makapu awiri? Nanga wa bambo?" Anatembenukira pamphasa. "Mwaona, Bambo? Ndangobwera dzulo, akuiwalani kale. Musalole zimenezi."

Ndinayang'ana. Makapu awiri, wanga ndi wa Lewi, onse nditathira shuga. Manja anga anali atawerenga okha anthu a m'nyumba, monga linawerengera khadi lija.

Ndinabwerera kukhitchini n'kupanga wachitatu, wakuda bii, wopanda shuga. Ndinaima nawo pakhomo n'kumupatsira mwana wanga.

"Lowani muwapatse nokha, Mama. Akuti asowa kukalipiridwa."

"Apatse ndiwe, mwanangu. Ine ndasiya madzi pamoto."

Analandira ndi manja awiri n'kuika pambali pa mphasa. "Imwani, Bambo, usanazizire." Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono kuti ndisawasokoneze. M'katimo bambo ake a Lewi anali kudwala, akumwa khofi ndi mwana wawo. Ine ndinapita kuseri kwa khola kukalira amuna anga.